Kodi mtengo wa makompyuta a akatswiri ngwachilungamo?

M'mwezi wa June chaka cha 2019, mumzinda wa San Jose m'dziko la America, akuluakulu a kampani ya Apple adasonkhanitsa khamu la anthu kuti alionetse katundu watsopano. Zonse zinkayenda bwino mpaka pomwe adalengeza mtengo wa mwendo wachitsulo woimikapo sikirini. Mwendo wokhawo, popanda sikirini, adati ndi madola 999. M'holomo mudamveka kung'ung'udza, chonsecho ambiri mwa omwe adali m'menemo adali anthu okonda katundu wa kampaniyo.

Sikiriniyo payokha idali ya madola 4,999. Kompyuta yake, yotchedwa Mac Pro, idayamba kugulitsidwa mu December chaka chomwecho pamtengo woyambira madola 5,999, ndipo munthu akasankha zida zonse zamphamvu zomwe inkatha kunyamula, mtengo unkapitirira madola 52,000. Wofuna timateyala tinayi toti azikankhira kompyutayo muofesi ankawonjezera madola 400.

Mwina wina afunsa kuti nkhani ya madola ochuluka chonchi ikukhudza bwanji banja la ku Mponela, ku Luchenza kapena ku Jenda. Ikulikhudza ndithu. Mwana akasankhidwa kukaphunzira zojambula mapulani a nyumba kapena uinjiniya ku MUBAS, komwe kale tinkati ku Polytechnic, sipapita nthawi asadaimbe foni kumudzi kuti akufuna kompyuta yamphamvu. Mnyamata wojambula maukwati ndi zinkhoswe patauni amafunanso makina otere kuti alumikize kanema wake msanga. Ndalama zogulira zimachokera kufodya, kusoya, kubanki m'khonde kapena kwa mbale yemwe ali ku Joni. N'chifukwa chake tikuti tiyeni tiunike bwino ngati mitengo ya makinawa ili ndi chilungamo.

Makompyuta omwe tikunenawa pa Chingerezi amawatcha workstation. Ndi makina opangidwira ntchito zolemera monga kujambula mapulani a milatho, kukonza makanema, kuwerengetsa za nyengo ndi kuunika zithunzi za m'chipatala. Kupatula Apple, makampani odziwika pantchitoyi ndi HP ndi makina ake otchedwa Z, Lenovo ndi ThinkStation, komanso Dell yomwe kwa zaka zambiri idatchuka ndi dzina la Precision. Kunja kwake amangooneka ngati bokosi wamba. Kusiyana kuli m'kati.

Tiyambe ndi kuvomereza zoona. Pali zifukwa zomveka zomwe makinawa amadulira, ndipo munthu wotsutsa mitengo yake asadazimve amangotaya mawu.

Chifukwa choyamba ndi kudalirika. Kompyuta imasunga chilichonse m'manambala awiri okha, 0 ndi 1. Nthawi zina nambala imodzi imatembenuka yokha m'chipangizo chokumbukira zinthu chomwe amachitcha memory. Kwa mwana amene akusewera gemu, izi sizivuta, amangozimitsa n'kuyatsanso. Koma kwa injiniya amene akuwerengetsa kulemera komwe mlatho ungapirire, kapena kampani yomwe yasiya makina akukonza kanema usiku wonse, nambala imodzi ikhoza kuononga ntchito ya sabata yathunthu. Makina ambiri a akatswiri amakhala ndi memory yamtundu wa ECC, yomwe imazindikira cholakwika chotere n'kuchikonza yokha. Memory imeneyi njodula kuposa yawamba.

Chachiwiri ndi kuyesedwa. Makampani opanga mapulogalamu a mainjiniya, monga Autodesk, amayesa makina ndi zida zina n'kutsimikiza kuti pulogalamu yawo iyenda bwino pamenepo. Zikavuta, wogula ali ndi kodandaula. Kuyesako kumafuna anthu, nthawi ndi ndalama, ndipo zonsezi zimalowa mumtengo.

Chachitatu ndi lonjezo lokonza. M'maiko a ku Ulaya ndi ku America, makina ambiri otere amagulitsidwa ndi chitsimikizo cha zaka zitatu, ndipo nthawi zambiri katswiri amabwera kudzakonzera pantchito pomwepo. Chachinayi n'chakuti makinawa sagulidwa ambiri. Kampani ikapanga mafoni mamiliyoni, ndalama zofufuzira ndi kupangira zimagawidwa pa ogula ochuluka. Ikapanga makina ochepa, aliyense amasenza gawo lalikulu la mtolowo.

Tiwerengenso mmene amawerengera eni makampani ogula makinawa. Makina a madola 10,000 akagwira ntchito zaka zinayi, ndiye kuti agwira masiku a ntchito pafupifupi 1,000. Tsiku lililonse ladya madola 10 okha. Ngati makinawo akupulumutsa ola limodzi patsiku kwa katswiri wolandira malipiro a ku London kapena ku Los Angeles, ndalamayo yabwerera kale dzuwa lisadalowe. Mlimi amadziwa nzeru yomweyi: ngolo yolimba imadula tsiku logula lokha, koma yaphwetekere imadya ndalama msika uliwonse. Ngakhale sikirini ya madola 4,999 ija idali ndi oiikira kumbuyo, chifukwa Apple inkaifanizira ndi masikirini a m'makampani a kanema omwe mtengo wake unkapitirira madola 40,000.

Mpaka apa palibe mlandu. Makina opangidwa molimba, oyesedwa, okhala ndi lonjezo lokonza, ayenera kudula kuposa awamba. Koma mfundo zimenezi sizifotokoza mtengo wonse, ndipo apa ndi pamene ife tikuona kuti chilungamo chimayamba kupotoka.

Taonani zomwe zidachitika mu June 2023. Apple idatulutsa Mac Pro yatsopano pamtengo wa madola 6,999, kukwera ndi madola 1,000 poyerekeza ndi ya 2019. Tsiku lomwelo idatulutsanso kompyuta yaing'ono yotchedwa Mac Studio, yomwe munthu ankatha kuigula ndi madola 3,999 ili ndi ubongo womwewo wotchedwa M2 Ultra, memory yofanana ndi mosungira zinthu mofanana. Liwiro la makina awiriwa lidali limodzimodzi pantchito zambiri. Madola 3,000 owonjezerawo ankagulira bokosi lalikulu, mafani, kiyibodi ndi mipata yolowetsamo zida zina.

Chodabwitsa chidali chakuti mipatayo sinkalandira makadi a zithunzi a makampani ena, omwe ndi chida chachikulu chimene akatswiri ambiri amafuna kuwonjezera. Memory nayo idamangiriridwa kuubongo wa makinawo, kotero kuti wogula sankatha kuiwonjezera pambuyo pake, ndipo malire ake adali 192 GB. Makina a 2019 aja, ngakhale anthu adawanena kwambiri, adali ndi mipata 12 ya memory ndipo ankatha kunyamula mpaka 1.5 TB. Kampaniyo inkalipiritsa madola 25,000 pamemory yochuluka chonchi, koma wogula wochenjera ankatha kukagula kwina motchipa n'kudziikira yekha. Mu 2023 khomo limeneli lidatsekedwa, koma mtengo udakwera.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mtengo wokwera umapiririka pamene wogula ali ndi kwina kolowera. Wogulitsa akamanga makina mwanjira yoti chilichonse chowonjezera uzigula kwa iye yekha, pamtengo woika iye yekha, ndiponso pa tsiku logula lomwelo, wogula salinso pamsika. Ali ngati mlimi wa kudera komwe kumafika venda mmodzi yekha ndi sikelo yake.

Tisaganize kuti khalidweli nla kampani imodzi. Kampani ya Nvidia, yomwe imapanga makadi a zithunzi, mu 2022 idatulutsa kadi ya osewera magemu yotchedwa RTX 4090 pamtengo wa madola 1,599. Kadi yake ya akatswiri, RTX 6000 Ada, yomangidwa pa chip chamtundu womwewo, idagulitsidwa pafupifupi madola 6,800. Kadi ya akatswiriyo ili ndi memory yowirikiza kawiri, 48 GB m'malo mwa 24 GB, imadya magetsi ochepa ndipo idayesedwa ndi opanga mapulogalamu. Zimenezi n'zenizeni. Koma kodi zikukwana kuwirikiza mtengo kanayi? Ife tikuona kuti gawo lalikulu la kusiyanaku silichokera kufakitale. Limachokera pakudziwa kuti kampani ya mainjiniya ili ndi thumba lakuya kuposa mnyamata wosewera gemu, ndipo ilibe kochitira.

Akatswiri a zachuma amati uku n'kugawa msika, kutanthauza kugulitsa chinthu chofanana pamitengo yosiyana malinga ndi mphamvu za wogula. Amayi ogulitsa tomato pamsewu amazidziwa: mtengo wa wotsika m'galimoto yakeyake umasiyana ndi wa wobwera wapansi. Kusiyana n'kwakuti pamsewu ukhoza kunenerera kapena kusunthira pabenchi ina. Pamsika wa zida zamphamvu za makompyuta mabenchi ake ngowerengeka. Maubongo a makinawa amachokera makamaka ku Intel, AMD ndi Apple. Makadi a zithunzi a akatswiri ambiri ndi a Nvidia. Memory yambiri padziko lonse imapangidwa ndi makampani atatu, Samsung, SK Hynix ndi Micron, ndipo kumapeto kwa 2025 mitengo yake idakwera kwambiri pamene makampani a nzeru zamakina adayamba kuigula mwaunyinji.

Umboni woti mitengo ina imakwera chabe kaamba kosowa mpikisano ulipo. Mu 2017 kampani ya AMD idatulutsa ubongo wotchedwa Threadripper wokhala ndi timitima 16 pamtengo wa madola 999, pamene wa Intel wa timitima 16 udali madola 1,699. Mpikisano utakula, mu October 2019 Intel idatulutsa ubongo wake wa timitima 18 pamtengo wa madola 979. Wofanana nawo wa chaka cham'mbuyo udali madola 1,979. Mtengo udatsika ndi theka m'chaka chimodzi. Fakitale sidasinthe mwadzidzidzi, chidasintha ndi chakuti pamsika padafika wogulitsa wina. Ndiye omwe adagula mu 2018 adalipira madola 1,000 owonjezerawo pofuna chiyani?

Mbiri yakale ikuphunzitsanso zomwezo. M'zaka za m'ma 1990 mfumu ya makina a akatswiri idali kampani ya Silicon Graphics. Makina ake ndi omwe adathandiza kupanga zinyama zoopsa za mufilimu ya Jurassic Park ya 1993, ndipo mitengo yake inkafika madola masauzande makumimakumi. Makompyuta wamba atayamba kukhala ndi makadi a zithunzi amphamvu, makasitomala adathawa. Kampaniyo idagwa m'ngongole zosabwezeka mu 2006, kenaka mu 2009, n'kugulitsidwa. Mtengo womwe unkaoneka ngati wosagwedezeka udagwa tsiku lomwe ogula adapeza njira ina.

Palinso mbali ya lonjezo la tsogolo. Munthu wogula makina odula chonchi amayembekeza kuti kampani iwasamalira kwa zaka zambiri. Mu 2013 Apple idatulutsa Mac Pro yozungulira ngati chitini pamtengo woyambira madola 2,999. Mu April 2017 akuluakulu a kampaniyo adavomereza pamaso pa atolankhani kuti kapangidwe kake kadali kolakwika, chifukwa sikankalola kuikamo zida zatsopano zotentha kwambiri. Yolowa m'malo mwake idafika mu 2019, patatha zaka zisanu ndi chimodzi. Ndipo pasadathe chaka chitulutsireni makina a 2019 aja, mu June 2020, kampaniyo idalengeza kuti ikusiya kugwiritsa ntchito maubongo a Intel omwe adali m'makinawo. Wogula adalipira mtengo wa chinthu chokhalitsa, koma njira ya kampani idakhotera kwina makinawo akadali atsopano.

Tsopano tibwere kuno kwathu, komwe mtolo umalemera kawiri. Mu November 2023 ndalama ya kwacha idatsika mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi kubanki idafika pafupifupi K1,700. Pamtengo umenewo, Mac Pro ya madola 6,999 inkakwana pafupifupi K11.9 miliyoni, pamene Mac Studio yaubongo womwewo inkakwana K6.8 miliyoni. Kusiyana kwake, K5.1 miliyoni, ndi ndalama yoti banja lingaone nyumba itafoleredwa. Apa sitidawerengere zonyamulira, misonkho, phindu la wogulitsa ndi vuto lopeza ndalama zakunja.

Chomvetsa chisoni n'chakuti wogula wa kuno amalipira mtengo wonse, koma salandira zonse zomwe mtengowo udawerengera. Lonjezo loti katswiri abwera mawa kudzakonza lidalowa mumtengo, koma kodi afika ku Mchinji kapena ku Karonga? Makina ogulidwa kunja akafa, kawirikawiri amafunika kutumizidwa komwe adagulidwa, kapena kudikirira chida kwa masabata. Masamu aja a ola limodzi patsiku nawonso sagwira mofanana. Katswiri wa ku London amabweza ndalama za makina m'miyezi yochepa, pamene wojambula maukwati patauni yathu angafunike zaka, ndiponso magetsi akhale akuyaka. Mac Pro ya 2019 idali ndi chokokera magetsi cha mawati 1,400. Makina otere safuna kuzimitsidwa mwadzidzidzi, ndiye amafunika kabokosi kosunga magetsi kotchedwa UPS, ndalama inanso.

Yankho lathu pafunso lomwe tayamba nalo ndi ili. Mtengo wa thupi la makinawa, kutanthauza memory yodzikonza, bokosi lolimba, kuziziritsa bwino ndi kuyesedwa, nthawi zambiri ngwomveka. Koma mtengo wa zowonjezera zomwe wogula sangazipeze kwina, mtengo wa dzina, ndi mtengo wa lonjezo lomwe silifika komwe wogula ali, mulibe chilungamo. Muyeso wake ngwapafupi. Funsani ngati mungatsegule makinawo, kuwonjezera memory ya kampani ina, kusintha kadi ya zithunzi ndi kukonzetsa kwa mmisiri wa kufupi nanu. Yankho likakhala inde, mtengo wokwerawo uli ndi poyankhira. Likakhala ayi, dziwani kuti mukugula khomo lotseka, kiyi atsala nayo eniake.

Makolo, musanagulitse ng'ombe kapena kutenga ngongole, funsani. Safunsa adadya phula. Mwana akati akufuna kompyuta yamphamvu, auzeni akafunse aphunzitsi ake kuti ndi mapulogalamu ati omwe agwiritse ntchito chaka chimenecho. Opanga mapulogalamu amalemba poyera mphamvu zomwe makina akufunika kukhala nazo. Ntchito zambiri za ophunzira, komanso kulumikiza kanema waukwati, zimatheka bwinobwino pakompyuta wamba yokhala ndi memory yokwanira ndi kadi ya zithunzi yabwino. Mapulogalamu ena amphamvu ngaulere, monga Blender wojambulira zithunzi zooneka mbali zonse, ndipo DaVinci Resolve wokonzera kanema ali ndi mtundu wosalipira.

Makina akaunjika nawo ndi njira yabwino. Makampani akunja amasintha makina awo pakapita zaka zochepa, ndipo workstation yakale imagulitsidwa pamtengo wotsika kwambiri ikadali yolimba. Ambiri mwa makina a HP, Dell ndi Lenovo amatseguka mosavuta ndipo amalandira zida za makampani ena. Koma chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 mwanthawi zonse, ndipo Windows 11 savomereza maubongo ambiri opangidwa chaka cha 2017 chisadafike. Makina otchuka akale monga HP Z440 sali pamndandanda wa ovomerezeka. Angagwirebe ntchito, makamaka ndi Linux, koma wogulitsa sayenera kuwatchula mtengo ngati kuti ngamakono. Funsani chaka cha ubongo wake musanapereke ndalama.

Kwa amalonda athu omwe amaitanitsa makinawa, tikuti mawu oti workstation asakhale nyambo. Lembani papepala dzina la ubongo, chaka chake, kuchuluka kwa memory, mtundu wa kadi ya zithunzi, komanso ngati makinawo ngatsopano kapena adagwirapo ntchito. Lembaninso kuti chitsimikizo chanu n'cha miyezi ingati, ndipo akonze ndani zikavuta. Perekani lisiti. Sitikukana kuti mupeze phindu, popeza nanunso mumavutika kupeza madola. Tikukana kugulitsa bokosi lazaka khumi kwa kholo losadziwa ngati kuti latuluka kufakitale dzulo.

Bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pamalonda la Competition and Fair Trading Commission silingalamule mitengo ya ku California, koma lili ndi mphamvu pa wogulitsa wa ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amene akunama za katundu wake. Tikulipempha kuti liyang'anenso msika wa makompyuta monga limachitira ndi shuga ndi simenti, ndipo ogula omwe apusitsidwa asamangodandaulira kunyumba, akanene. Sukulu zaukachenjede nazo zithandize pokhala ndi zipinda za makina amphamvu zotseguka nthawi yokwanira, kuti mtolo usagwere kholo lililonse palokha. Makina amodzi abwino akhoza kutumikira ophunzira ambiri, monga momwe chigayo chimodzi chimatumikira mudzi wonse.

Makina a akatswiri ndi khasu la ntchito zamakono, ndipo dziko lofuna mainjiniya ake ndi opanga makanema ake silingawapewe. Koma khasu limayesedwa ndi munda womwe lalima. Musanalipire, werengani kuti makinawo abweza ndalama zanu m'miyezi ingati pantchito yomwe muli nayo lero. Masamuwo akakana, gulani ochepera, sungani chenje, mudzawonjezere mphamvu ntchito ikakula. Ndipo posankha, sankhani makina omwe adzakuloleni kutero.